Mbale Zamene Tinavina Mpaka Kutha: Nyimbo za ku Rufunsa ndi Chuma Chogona m'Matilanki

Mu October 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa "Noid". Anyamata a mu komboni amene amagonera pa foni anadzidzimuka: pakati pa chizungu chonse chija munatuluka mau a Chinyanja, pamodzi ndi gitala yolira mokalipa monga macheka. Chidutswa chija anachitapa mu "Nizakupanga Ngozi", nyimbo ya Ngozi Family, gulu la malemu ba Paul Ngozi, yochokera pa chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977. Chaka cha kumbuyo kwake, 2023, Travis Scott nayenso anali atatapako kwa Amanaz, gulu la ku Kopala, mu nyimbo yake "Sirens". Manje aliyense mu tauni ati Zamrock, Zamrock. Olo mwana amene sanaonepo mbale ya nyimbo ndi maso ake adzakuuzani kuti iye ndi wa Zamrock kuchokera kale.

Ine ndikondwera nazo, osanama. Koma ndinakulira ku Rufunsa m'zaka zamene mbalezi zinali kutuluka, ndipo nkhani imene ndikumbuka isiyanako ndi imene ikambidwa pa intaneti. Kumudzi sitinali kusunga mbale monga mazira. Mbale imene tinaikonda tinaivina mpaka kuipha. Imene inapulumuka, imene lero azungu aisakila ndi madola, nthawi zambiri ndi ija imene inalira kawiri chabe, anthu nakana kuti siivinika, mwini wake naiponya pansi pa tilanki.

Shopu yathu inali msewu

Kwa imwe amene muidziwa Rufunsa pa windo la basi yopita ku Chipata, ndi kuja kumene mumaona masaka a malasha m'mbali mwa Great East Road, pafupifupi makilomita 150 kuchoka mu Lusaka. Ndi dziko la Asoli, la mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda. Kuli madzi otentha a ku Chinyunyu, chipatala cha mishoni cha St Luke's kwa Mpanshya, ndi mapiri a Manenekera amene madilaiva amawaopa mpaka lero. Rufunsa inakhala boma payokha nthawi ya ba Sata. Kale tinali mchira chabe wa Chongwe.

Shopu ya malekodi kunalibe. Malaiti kunalibe. Nyimbo iliyonse imene inafika kwathu inabwera ndi mapazi a munthu: msilikali wobwera pa livu, mphunzitsi watsopano, amalume osebenza ku migodi, kapena dilaiva wa lole amene motoka yamufera pa chitunda, nagona masiku atatu kuyembekeza sipeya. Chifukwa chake makutu athu anali osakaniza maningi. Za ku Lusaka ndi ku Kopala zinabwera kuchokera kumadzulo. Za ku Malawi ndi kum'mawa zinakwera kuchokera ku Luangwa Bridge. Usiku, mlongoti ukamangidwa bwino ku mtengo, wailesi inali kugwira ndi MBC ya ku Blantyre.

Wailesi ndiyo inayamba kulima munda. Makolo athu anali kukamba za Saucepan Special, kawailesi kooneka monga poto kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, kuti anthu akuda azimvera siteshoni ya mu Lusaka. Pamenepo ndi pamene anadziwira mau a ba Alick Nkhata, aja a msewu wopita ku Mass Media. Ise tinapeza Radio Zambia, ndi nthano za ba Julius Chongo pa Poceza M'madzulo. Koma wailesi ili ndi vuto limodzi: nyimbo imene waikonda imapita, ndipo suziwa ngati idzabwera mailo kapena mwezi wa mawa. Munthu anali kugula mbale chifukwa cha njala yofuna kuimva futi nthawi imene iye afuna.

Ndalama ya thonje, ulendo wa masiku awiri

Ndalama kumudzi inali kubwera kamodzi pa chaka, chimanga chikapita ku depoti ya NAMBOARD ndiponso thonje likagulidwa. Pa ndalama ija panali mndandanda: feteleza, yunifomu, bulangeti, mchere, sopo, tayala la njinga. Mbale inali kumapeto kwenikweni, ndipo amai ambiri sanali kuiwerengera n'komwe. Mudala akabwera kuchokera ku tauni ndi kaphukusi kopyapyala m'khwapa, m'nyumba munali kukhala mlandu usiku umenewo. Kuseni mlandu watha, onse avina.

Mbale zinali za mitundu itatu, ndipo achinyamata ambiri amazisokoneza. Yakale kwambiri ndi 78, yolemera, yosweka monga mbale ya dothi ikagwa. Iyo inali kulira pa galamafoni yopukusa ndi dzanja, ya nyeleti yachitsulo yofuna kuchinja pafupipafupi. Yachiwiri ndi 45, kaja kang'ono ka mainchi 7, nyimbo imodzi uku, ina uku. Yachitatu ndi LP, ya mainchi 12, yozungulira ka 33 pa mineti, yonyamula mamineti pafupifupi 20 mbali imodzi. Munthu wa kumudzi anali wa 45. LP inali ya aphunzitsi, a ma clerk ndi anthu a fomu.

Zambiri mwa mbale za oimba athu zinali kudindidwa ku Ndola, ku fakitale ya Teal Record Company. Ku Ndola komweko kunali Zambia Music Parlour ya ba Edward Khuzwayo, imene inatulutsa magulu ambiri. Ena anali kujambula ku Malachite Studio ku Chingola, ena ku dB Studios mu Lusaka, ena mpaka ku Nairobi. Pakati pa zaka za m'ma 1970 ba Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za muno mu Zambia, ndipo magulu anamera monga bowa wa mu January.

Mbale yanga yoyamba sinali yanga ndekha. Tinasonkha atatu: ine, msuweni wanga, ndi mnzathu wina wa pa mudzi woyandikana. Tinatola thonje m'munda wa eni ake, tinagulitsako nkhuku, ndipo ine ndinasankhidwa kupita chifukwa ndinali ndi alongo okhala mu Kalingalinga kumene ndikanagona. Basi yochokera ku Chipata inali kufika kwathu yodzaza kale, ndiye unali kukhala pa msewu ndi mbatata yootcha m'thumba, maso kum'mawa, kupempha lole iliyonse. Kufika mu tauni, ndinalowa mu shopu ina kufupi ndi Cairo Road. Mbale zinali m'mabokosi, ndipo wogulitsa anali kukuyikira pang'ono kuti umve usanalipire, koma pang'ono zoona, kaili kumbuyo kwako kuli mzere.

Anzanga ananituma ma 45 atatu, aliyense yake. Pamene wogulitsa anayika 45,000 Volts, tinamvana naye kuti ndalama yonse ipite pa LP imodzi imeneyo, ndipo anzanga ataimva sanafunse za ma 45. Chimene chinandigwira si gitala chabe. Munthu uja anali kuimba rock mu chilankhulo chimene timagulira tomato pa msika. Paul Ngozi anali mwana wa mu komboni za Lusaka, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, ndipo zinali kumveka. Mbale ija inali kugona sabata imodzi kwa ine, sabata ina kwa msuweni, ina kwa mnzathu. Pa kava tinalemba maina onse atatu ndi bolopeni, kuopa akuba ndi obwereka osabweza.

Kubwerera nayo kunali nchito ina. Mbale imaopa dzuwa kupambana mwana wakhanda. Mukaisiya pa windo la basi mu October, pofika ku Chinyunyu yapindika monga chipewa, ndipo nyeleti ikwera ndi kutsika monga motoka ya pa Manenekera. Odziwa anali kuifaka pakati pa mabulangeti, kapena kuigwira pa chifuwa ulendo wonse kuchokera pa siteshoni ya UBZ ku Kamwala.

Sandauni: kumene mbale zinali kufera

Choliza mbale ena anali kuchitcha chilimba, ena gumbagumba. Zambiri zinali za Supersonic, zimene zinali kumangidwa ku Livingstone, wailesi ndi mbale pamodzi. Zinali kudya mabatire aakulu aja a tochi, angapo nthawi imodzi, ndipo mabatire anali golide. Ija Spark ya ku Mansa Batteries ikasowa m'mashopu, mudzi wonse unali zii. Batire likayamba kufooka mbale imazungulira pang'onopang'ono, mkazi woimba nasanduka mwamuna, mwamuna nasanduka ng'ombe. Pamenepo mabatire anali kuyanikidwa pa dzuwa, ena kuwamenya pang'ono ndi mwala, ena kuwamanga asanu ndi limodzi mu chipepala cha nyuzi ndi mphira ndi kulumikiza ndi waya kunja kwa chilimba. Nyeleti ikayamba kulumpha, tinali kuyika kandalama ka 5 ngwee pamutu pake kuti ilemere. Nyimbo inali kulira, inde, koma kulemera kuja kunali kukumba mizere ya mbale monga khasu.

Mwini chilimba anali bwana. Banja likafuna ndalama ya sukulu linali kuchita sandauni: kumanga mpanda wa udzu, kuphika mowa wa masiku seveni ndi munkoyo, kukazinga nkhuku ndi vitumbuwa, ndi kubwereka chilimba pamodzi ndi mwini wake. Kuyamba dzuwa likulowa, kusila kuseni. Pakhomo ulipira. Ukafuna nyimbo yako ulipira. Wina akafuna kuichotsa kuti ayike yake, alipira kupambana iwe. Anyamata awiri olimbirana mtsikana mmodzi anali kutha ndalama ya thonje yonse pa nyimbo imodzi, uyu ati ibwerere, uyu ati ichoke, mwini sandauni akungowerenga ma ngwee mu mbale ya ndiwo.

Ganizani manje: 45 imodzi kulira ka 20 usiku umodzi, pa fumbi la mapazi a anthu ovina, yogwiridwa ndi manja a mafuta a nkhuku, pansi pa nyeleti yotha yolemedwa ndi kandalama. Pakutha miyezi itatu inali kulira monga mvula pa malata. Ikafika pamenepo ana anali kuitenga kukachita chiwongolero cha motoka ya mawaya, kapena amai kuipachika pa chipupa monga chokongoletsa. Ena anali kuimangirira m'munda kuti kung'anima kwake kuthamangitse mbalame.

Nanga tinali kukonda chiyani?

Apa ndi pamene ndisiyana ndi a Zamrock a pa foni. WITCH linali gulu lalikulu, palibe wokana. Ba Emmanuel "Jagari" Chanda anali kudumpha pa siteji monga Mick Jagger amene anatengerako dzina, ndipo Lazy Bones!! ya mu 1975 inagulidwa kwambiri. Koma zimenezo zinali za mu tauni, za ana a sekondale ovala mabeloboto ndi nsapato zazitali. Pa sandauni ya kwa Shikabeta, ukayika nyimbo ya chizungu ya gitala yolira monga mphaka wopondedwa, azimai anali kukhala pansi ndi kuyamba kukamba za maliro a sabata yatha. Africa ya Amanaz, imene lero akatswiri a kunja aitamanda, ndi yozizira, yomvera uli gone. Munthu amene walipira pakhomo safuna kugona.

Chimene chinali kudzutsa fumbi ndi rhumba. Franco ndi T.P.O.K. Jazz, Tabu Ley, pambuyo pake Mbilia Bel. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali kumva Lingala, koma tonse tinali kuimba, aliyense ndi mau ake opeka, ena otukwana osadziwa. Nyimbo za Franco zinali zazitali, ndiye pa 45 zinali kudulidwa pakati: gawo loyamba uku, lachiwiri kuseri. Ovina anali kuima ndi mwendo m'mwamba kuyembekeza mwini chilimba atembenuze, ndipo akachedwa anali kumva mau.

Kenaka panali ba Nashil Pichen Kazembe, amene anasebenza zaka zambiri ku Nairobi. "A Phiri Anabwera" inali nyimbo ya ife eni ake, chifukwa nkhani yake, ya munthu wotha zaka m'tauni nabwerera kumudzi ndi sutukesi yopanda kanthu, tinali kuiona ndi maso pa msewu wathu. Mudzi uliwonse unali ndi a Phiri ake. Ikalira, anthu anali kuseka akuyang'ana mbali imodzi, ndipo mudala wina anali kunyamuka mwakachetechete kupita kukataya madzi. Ba Emmanuel Mulemena naonso anali kulira maningi, olo kuti Kikaonde kwathu chinali chachilendo monga Lingala yemwe.

Ndipo pali chinsinsi chimene a rock sakonda kumva: mfumu ya Sande kuseni inali Jim Reeves. Mzungu wa ku Texas amene anafa pa ngozi ya ndeke mu 1964 anali m'nyumba iliyonse ya mphunzitsi ndi katekisiti. Pambali pake Skeeter Davis, Dolly Parton, ndipo pambuyo pake Don Williams. Madala amene sanapitepo olo ku Kafue anali kutseka maso ndi kugwedeza mutu monga akumbuka ng'ombe zao za ku Nashville. Ine mpaka lero sindimvetsa bwino chimene country inatichita, koma ndiganiza ndi ichi: mau amveka limodzilimodzi, nkhani ndi ya kusiyidwa, ya munda, ya Mulungu ndi ya kulakalaka kwanu. Zimenezo sizifuna dikishonale.

M'zaka za m'ma 1980 kalindula inabwera n'kutenga bwalo lonse. Amayenge, Shalawambe, Masasu, Serenje Kalindula, Julizya, Uweka Stars ya kum'mawa, ndi ba P.K. Chishala amene "Church Elder" yao inakwiyitsa akuluakulu a mipingo ena uku ikusekesa mipingo yao. Kwa ine iyi ndiyo inali nyimbo ya Zambia yeniyeni ya kumudzi, bezi yake yomveka m'mimba. Ngati mufuna tikangane, bwerani: Ngozi ndimuika pamwamba pa WITCH, ndipo P.K. ndimuika pamwamba pa onse awiri pa nkhani ya kulemba mau.

Chimodzi chimene chimandiwawa ndi chakuti nyimbo za Chisoli, zimene timamva pa Chibwela Kumushi kwa Bunda Bunda kapena pa Nkomba Lyanga kwa Shikabeta, sizinali m'mabokosi a mashopu aja. Tinali kugula Lingala, Chibemba, Chinyanja ndi chizungu. Zathu zinakhala m'ng'oma ndi m'makosi a azimai.

Pamene mbale inagonja

Zinthu zinayamba kuvuta mtengo wa kopa utagwa mu 1975. Pulasitiki ya mbale imachokera ku mafuta, ndipo zonse zinali kufuna ndalama yakunja imene dziko linalibe. Nkhondo ya Rhodesia nayo inatifika pakhomo. Mu October 1978 ba Alick Nkhata anaphedwa pamene asilikali a Smith anaukira kufupi ndi Mkushi. Mu November 1979 anaphulitsa milatho, pamodzi ndi wa pa Chongwe, ndipo ife a kum'mawa kwa mtsinje tinadulidwa ku tauni. Mu Lusaka munali kafyu ndi kuzima malaiti, ndiye magulu analibe kumene angalizire usiku. Disko inabwera, mwini bala naona kuti munthu mmodzi ndi mbale zake ndi wotchipa kupambana anyamata asanu ndi magitala. Pambuyo pake matenda a AIDS anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Amene mumapita ku Kabwata mumadutsa pa msewu wa dzina lake, kapena osadziwa n'komwe kuti anali ndani.

Kumudzi chimene chinapha mbale ndi kaseti. Tepi siiopa mabampu, siilumpha anthu akavina, ikwana m'thumba la shati, ndipo C90 imodzi inyamula nyimbo zambiri. Ikadyedwa ndi wailesi umaikoka bwinobwino, kuilunga ndi kyuteksi, ndi kuipombanso ndi bolopeni. Kubweza tepi kumbuyo ndi mabatire kunali kuononga, ndiye mwana aliyense anali katswiri wozungulutsa kaseti pa bolopeni m'mwamba monga ndeke. Ndi kaseti imene inatibweretsera Lucky Dube ndi Slave yake ya mu 1987, Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka, Soul Brothers, kwasa kwasa ya Kanda Bongo Man, Pepe Kalle, "Chitekete" ya Leonard Dembo, ndi Lucius Banda wa ku Balaka amene madilaiva a ku Malawi anamufalitsa msewu wonse.

Koma tikambe zoona: pafupifupi matepi onse amene tinagula pa Luangwa Bridge, pa Kamwala kapena kwa anyamata oyenda ndi chikatoni anali odabinga. Kava yofotokopa, maina olembedwa molakwika, nyimbo yomaliza yodukira pakati. Woimba sanali kuonapo olo ngwee. Pa mbale, ndalama ya thonje ija inali kuyenda mpaka ku Ndola, kagawo kena nkufika kwa woimba. Pa tepi yodabinga inali kuthera pa kantemba. Fakitale ya mbale inatseka, ndipo kwa zaka zingapo nyimbo za Zambia zinakhala ngati mwana wamasiye, mpaka Mondo Music ya ba Chisha Folotiya itabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi Black Muntu, Shatel ndi JK. Boma linayesa kumata hologram pa ma CD mu 2013, koma pofika nthawi imeneyo CD yeniyeniyo inali kale pa bedi la imfa.

Manje ku Rufunsa nyimbo zili pa memory card. Upita pa kantemba ka sola kochajira mafoni, upereka ndalama ya vitumbuwa, mnyamata wa laputopu akufakira mazana a nyimbo: Yo Maps, Chef 187, Macky 2, Chile One, amapiano, makwaya a UCZ ndi a Katolika, zonse mu mphika umodzi. Sindidzanama kuti kale kunali bwino kupambana. Mwana wa kwa Mpanshya lero amamva nyimbo tsiku lomwe yatuluka, pamene ise tinali kuyembekeza chimanga chiume. Chimene ndaona chabe ndi chakuti mukamufunsa nyimbo yoyamba imene anagula ndi ndalama yake, amayang'ana kumwamba. Funsani mudala aliyense wa zaka 60 funso lomwelo. Adzakuuzani dzina, mtundu wa pepala la pakati, shopu, ndi amene anaibwereka osabweza.

Musathamangire kugulitsa tilanki ya agogo

Kuyambira cha m'ma 2010, kampani ya ku Los Angeles ya Now-Again Records inayamba kutulutsanso nyimbo za Zamrock, mogwirizana ndi ba Rikki Ililonga a Musi-O-Tunya ndi ba Jagari. Mu 2017 anatulutsa Welcome to Zamrock!, magawo awiri. Mu 2019 kunatuluka filimu ya WITCH yopangidwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy, ndipo ba Jagari, amene anakhalapo mphunzitsi nakumbaponso miyala ya mtengo wapatali kuti adye, anabwerera pa siteji ku Ulaya ndi ku America ali ndi zaka za ugogo. Mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Sampa the Great naye anaimba "Never Forget" kulemekeza m'badwo umenewo, ndipo inamveka pa kanema yoitanira anthu ku filimu ya Black Panther: Wakanda Forever.

Nkhani ili apa: matepi oyambirira a nyimbo zambiri za nthawi ija anatayika. Pali nyimbo zimene zatsala pa mbale chabe, ndipo mbale zabwino zatsala zochepa, pa chifukwa chimene ndakamba kale. Za mu tauni zinatha ndi kusamukasamuka kwa nyumba za lendi ndi madzi a mvula a mu Kanyama ndi Misisi. Kumudzi tilanki imakhala pa ngodya imodzi zaka 40, pamwamba pa njerwa, osaigwedeza. LP ija ya rock imene mphunzitsi wopuma anabwera nayo, anthu naikana pa sandauni, ingakhale ikali mmenemo pansi pa satifiketi ya ukwati ndi makadi a UNIP, yoyera monga yatsopano. Mbale zoyambirira za magulu monga WITCH, Amanaz, Ngozi Family, Musi-O-Tunya kapena ba Keith Mlevhu, zikakhala zosakalika ndiponso ndi kava yake, zimagulidwa madola mazana angapo kunja. Ogula amayenda, ndipo amadziwa kuti agogo sadziwa. Amafika ndi ulemu wonse, natenga katoni yonse pa mtengo wa thumba limodzi la unga.

Ndiye imwe a mu komboni amene mupita kumudzi pa Khisimisi kapena pa maliro, pemphani kiyi ya tilanki. Pemphani, osathyola, ndipo kumbukirani kuti katundu ndi wa eni ake: ngati agogo akana, akana. Mukazipeza, gwirani m'mphepete, osati pa mizere. Ziimikeni chilili monga mabuku, osazisanjika, kutali ndi dzuwa ndi mbaula. Fumbi lichotseni ndi madzi oyera ndi kadontho ka sopo wa mbale, ndi kansalu kofewa kotsata mizere mozungulira, osanyowetsa pepala la pakati. Mchenga, sitiluwulu ndi palafini ayi. Kava olo yadyedwa ndi chiswe musataye, ndi theka la mtengo. Ndipo musayese kuiliza pa chilimba chakale chija ndi nyeleti ya mu 1982.

Jambulani pepala la pakati ndi foni, mbali zonse ziwiri. Pamenepo pali dzina la gulu, kampani ndi nambala ya mbale. Lembani zimenezo pa Discogs, malo a pa intaneti kumene osunga mbale a dziko lonse amagulitsirana, muone mtengo umene inagulidwapo kale. Sikuti mbale iliyonse ndi chuma. Jim Reeves anadindidwa mamiliyoni, ndiye wa agogo uja ndi wokumbukira chabe, musiyeni pamene ali. Yang'anani zolembedwa Teal kapena Zambia Music Parlour, ndiponso ma 45 a timagulu tosadziwika, chifukwa tina mwa ito tinatulutsa mbale imodzi yokha n'kuzimirira. Imeneyo musanaigulitse pezani munthu wa makina abwino aikopere pa kompyuta, ndipo funsani ku ZAMCOPS, bungwe loona za umwini wa nyimbo, ngati banja la woimbayo lidziwika.

Ija 45,000 Volts yathu ya anthu atatu musaifunse. Inalira pa masandauni a midzi inayi, inadutsa m'manja mwa obwereka osawerengeka, ndipo pomaliza inali chivundikiro cha mtsuko wa munkoyo kwa azakhali a mnzathu uja, maina athu atatu atapita kale ndi kava yake.